Lipoti la nthumwi ya khoti si chigamulo

Pali mawu amene tawamva kambirimbiri pa khonde la bwalo la milandu muno mu Zomba, pa msika wa Mpondabwino, ngakhalenso panja pa mizikiti anthu akamabalalika Lachisanu masana. Mawuwo ndi akuti: "Basi, aboma alemba kale." Wowayankhula amakhala munthu amene wangolandira pepala la Chingerezi la masamba atatu kapena anayi, lokhala ndi chidindo kumapeto, lolembedwa ndi munthu amene khoti lidamutuma kukayeza malo kapena kukawerengera mtengo wa nyumba imene anthu akulimbirana. Pepalalo sadaliwerenge lonse, mwinanso sangathe kuliwerenga, koma wamva kuti likukomera mnzake, ndiye wagwa mphwayi mlandu usadagamulidwe. Ife tikuti mawu amenewa ndi msampha umene timadzitchera tokha, ndipo yakwana nthawi yoti tiwasiye.

Tiyambe ndi kulongosola chimene chimachitika. Anthu awiri akakangana pa malire, kapena ana a malemu akalephera kumvana pa mtengo wa nyumba imene akufuna kugawana, woweruza sangadziwe zoona atangokhala pa mpando wake. Iye sadaone mtengo wa mango umene udali pa ngodya ya munda, ndipo sadziwa kuti nyumba ya zipinda zitatu ku Matawale ingagulidwe ndalama zingati. Choncho amalamula kuti apiteko munthu wodziwa ntchitoyo: woyeza malo wa boma kapena wina wokhala ndi chiphaso, wowerengera mitengo ya nyumba wa ku unduna wa za malo, nthawi zina mkulu wa ku ofesi ya bwanamkubwa. Munthuyo akabwerako amapereka lipoti. M'nkhani ino timutchula kuti nthumwi ya khoti. Ntchito yake ndi yofunika, ndipo sitikufuna kuti ithe. Chimene tikukana ndi ulemu wopyola muyeso umene timapereka ku pepala lake, ngati kuti woweruza wayankhula kale.

Lipoti la nthumwi ndi umboni, ndipo umboni uliwonse umayesedwa. M'lipotimo muli zimene munthu mmodzi adaona pa tsiku limodzi, ndi zida zimene adanyamula tsikulo, atamva kwa anthu amene adawapeza pamalopo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, m'gawo 103, adapereka mphamvu yogamula milandu ku makhoti, ndipo palibe pamene adati woweruza angabwereketse mphamvuyo kwa woyeza malo. Gawo 28 limaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa, pamene gawo 41 limapatsa aliyense ufulu wofika ku khoti ndi kuthandizidwa mokwanira. Makhoti a m'maiko amene timafanana nawo kayendetsedwe ka milandu adaifotokoza kalekale mfundoyi. Mu 1953, pa mlandu wa Davie ndi akuluakulu a mzinda wa Edinburgh, khoti la ku Scotland lidati ntchito ya katswiri ndi kupatsa woweruza njira zoyesera ngati zimene katswiriyo wapeza zili zoona, ndipo kugamula kumatsala m'manja mwa woweruza. Ku India, kumene makhoti amatuma nthumwi zotere kawirikawiri pa milandu ya malo, lamulo lawo la 1908 limalola kuti nthumwi iitanidwe m'khoti, ifunsidwe za lipoti lake ndi za momwe idagwirira ntchito, ndipo woweruza akapanda kukhutira amalamula kuti kafukufuku achitikenso. Kuno kwathu nakonso, katswiri amene lipoti lake lalowa ngati umboni akhoza kufunsidwa mafunso monga mboni ina iliyonse, mbali imodzi ikapempha.

Pali mfundo ina imene ambiri saidziwa, ndipo ndi imene imatipweteka koposa. M'makhoti a mtundu wathuwu, umboni umene sudatsutsidwe pa nthawi yake kawirikawiri umatengedwa kuti wavomerezedwa. Maloya amaitchula mfundoyi ndi dzina la mlandu wa ku England wa 1893, wa Browne ndi Dunn: wofuna kuti khoti lisakhulupirire mboni ayenera kuifunsa mboniyo pamaso pake, ipatsidwe mpata woyankha. Kukhala chete kumene ife timakuyesa ulemu, m'buku la woweruza kumalembedwa kuti palibe adatsutsa. Khoti la apilo nalo silikonda kumva umboni watsopano. Limawerenga zimene zidalembedwa m'khoti loyamba. Madzi akatayika sawoleka.

Mantha athu pa pepala lachidindo ali ndi mbiri, ndipo mbiriyo idayambira mu Zomba momwemuno. Mu 1891 Harry Johnston adafika kudzakhala Komishonala wa boma la Britain, nakhazikika m'munsi mwa phiri, m'nyumba imene abale a Buchanan adamanga mu 1886, imene lero tikuidziwa ndi dzina la Masongola. Adapeza azungu ambiri akunena kuti adagula malo kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuyambira mu 1892 iye ndi omuthandiza, monga Alfred Sharpe, adafufuza zonenazo, ndipo amene adawavomereza adawapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim. Malo amene adalowa m'zikalatazo adakwana maekala pafupifupi 3.7 miliyoni. Zikalata zambiri zidali ndi ndime yoti midzi ndi minda imene idalipo kale isasokonezedwe, koma ofufuzawo sadalembe kuti mindayo idalekezera pati ndipo eni ake adali ayani. Patapita zaka zochepa, anthu obadwira pamalopo adayamba kutengedwa ngati alendo pa esiteti ya mzungu, namagwira thangata.

Mu 1903 Jaji Joseph Nunan, pa mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa, adakana pangano limene kampaniyo idasainitsa mafumu, losandutsa eni nthaka kukhala olipira lendi pogwira ntchito, ndipo adati panganolo lidali lokomera mbali imodzi. Pepala lidatsutsidwa m'khoti ndipo lidagwa. Koma zimene sizidalembedwe mu 1892 zidali zitatayika kale. Ntchito ya thangata idapitirira, nidzetsa mkwiyo umene udaphulika ku Magomero mu 1915, ndipo idatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Agogo athu sadapatsidwe mpata wofunsa Johnston kuti adafufuza motani. Ife mpatawo tili nawo, ndipo tikautaya tokha sitingalozenso chala mtsamunda.

Tiyerekeze ndi mayi wamasiye wa ku Chinamwali. Sitikunena munthu mmodzi, pakuti nkhani zotere zimafanana. Mwamuna wake adagula puloti zaka 20 zapitazo, malire ake ali mzere wa khonje ndi mtengo wa mapeyala. Bamboyo atamwalira, woyandikana nawo adazula khonje uja, namanga mpanda wa njerwa umene udameza bafa ndi kadimba ka masamba. Mlandu udafika ku khoti, ndipo woweruza adalamula kuti malowo ayezedwe. Woyeza adafika Lachiwiri m'mawa, mayiyo ali ku maliro ku Songani, pakuti palibe adamuuza za tsikulo. Amene adapezeka ndi womanga mpanda uja, ndipo ndi iye amene adatsogola kuloza ngodya zonse zinayi. Woyezayo sadabe ndipo sadaname. Adayeza mwaluso malo amene adasonyezedwa. M'lipoti adalemba kuti malire adalozedwa ndi anthu a pamalopo, osatchula dzina. Tsiku la mlandu woweruza adafunsa ngati alipo wotsutsa, ndipo mayiyo, ataona chidindo ndi mapu odzaza ndi manambala, adati: "Ndilibe mawu, bwana." Chigamulo chidatsata lipoti. Woweruzayo sitingamunene kuti adalakwa, chifukwa pamaso pake padali umboni umodzi wokha wa katswiri, wosatsutsidwa. Chikhalirecho funso limodzi likadagwedeza lipoti lonse: adakulozerani malire ndani, ndipo mwini mbali inayi adali kuti?

Limeneli ndi khomo loyamba lolowera zolakwa m'malipoti. Alipo makomo ena, ndipo ena mwa iwo ndi a kuno ku Zomba kwenikweni, chifukwa mzinda wathu udakhala pa malo otsetsereka m'munsi mwa phiri. Woyeza malo amawerengera mtunda ngati kuti nthaka ndi yathyathyathya, pamene makolo athu ankayeza ndi chingwe kapena ndi mapazi motsata kutsetsereka kwa nthakayo. Pa malo opendekeka madigiri 20, chingwe cha mamita 100 chogonekedwa pansi chimangokwana mamita 94 pa mapu. Woyeza akatenga kalata yakale yogulira malo yonena mamita 100, nayeza mamita 100 a pa mapu, amalowa mamita oposa 6 m'munda mwa mnansi, iye mwini osazindikira kuti walanda munthu. Lipoti limene silinena kuti manambala a m'kalata yakale adawamasulira motani lili ndi mlandu woyankha.

Miyeso nayo imasokoneza. Kumudzi timawerenga maekala, pamene mapepala a boma amalemba mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.5. Dzina la muyeso likasinthana ndi linzake pa kalata, munda umakula kapena kuchepa koposa kawiri. Zida nazonso zimasiyana mphamvu. GPS ya m'manja kapena ya pa foni imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo yowirira ngati paini wa pa phiri kufupi ndi Ku Chawe, pamene makina enieni a oyeza malo amafika pa masentimita. Pa puloti ya mamita 15 m'lifupi, kuphonya kwa mamita 3 ndi chimbudzi ndi khitchini. Komanso mapu akale a dziko lino adajambulidwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene GPS imawerengera pa WGS 84, ndipo manambala a malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita oposa 100 ngati woyeza sadawasinthe moyenera. Izi zimakhudza kwambiri midzi yogundana malire ndi nkhalango yotetezedwa ya boma m'mphepete mwa phiri, kumene mapu akale ndi zida zatsopano zimakumana. Palinso malire a madzi. Makalata ambiri amati malo amalekezera pa Likangala kapena pa khwawa lakuti, koma mitsinje imasuntha, ndipo aliyense amene adaona mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa momwe magombe amagumukira. Nthumwi iyenera kunena ngati idayeza mtsinje wa lero kapena wa chaka chimene malo adagulidwa.

Pa nyumba, vuto lalikulu ndi tsiku limene mtengo udawerengedwa. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nitsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinene kuti nyumba idawerengedwa K20 miliyoni kumayambiriro kwa 2022, koma chigamulo chogawa pakati chidatuluka mu 2024. Wotsala m'nyumbamo apereka K10 miliyoni, ndalama imene singagulenso simenti ndi malata amene ikadagula pa tsiku la lipoti, ndipo wotulukayo wataya gawo lalikulu la chuma chake popanda aliyense kumubera poyera. Gawo 24 la malamulo aakulu limalonjeza mayi kugawana mwachilungamo katundu amene adali nawo limodzi ndi mwamuna banja likatha, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza wamasiye ndi ana, nkuika kulanda chuma chawo m'gulu la milandu. Koma malonjezo onsewa amadutsira pa nambala imodzi imene nthumwi yalemba. Kaya banja likugawa motsata lamulo la boma, kaya lagwirizana kutsata magawo a chipembedzo, gawo lililonse limawerengedwa kuchokera pa nambala imeneyo. Choncho wowerengera ayenera kunena nyumba zimene adafanizira nazo, kumene zili, ndi chaka chimene zidagulitsidwa. Nyumba ya ku Kalimbuka singayesedwe ndi mtengo wa ku Chikanda.

Khomo lotsiriza ndi pamene nthumwi yapyola pa ntchito imene idatumidwa. Adaituma kukayeza, koma yalembanso mwini. Kuno ku Zomba, pakati pa Ayao, Anyanja ndi Alomwe, minda yambiri imayenda ndi mbumba: mwana wamkazi amalandira kwa mayi ake, ndipo mkamwini amalima munda wa mkazi wake. Pauline Peters, katswiri amene adafufuza m'midzi ya boma lino kwa zaka zoposa 20 kuyambira mu 1986, adalemba zambiri zotsimikizira zimenezi. Koma mlendo akafika pakhomo ndi galimoto, amene amatuluka kukamulonjera ndi bambo, ndipo dzina limene limalowa m'kope ndi la bamboyo. Mayi mwini munda amayala mphasa nakhala patali, mwini mbumba sadaitanidwe, nyakwawa sidafunsidwe. Mzere umodzi wa m'lipoti wonena kuti malo ndi a bambo uje ukhoza kuchotsa munda m'manja mwa mbumba imene yaulima mibadwo inayi. Umwini ndi funso la woweruza, atamva mboni zolumbira. Nthumwi ikalemba zimene idangomva kwa ongodutsa, mbali imeneyo ya lipoti iyenera kukanidwa.

Abale ndi alongo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ntchito yotsutsa lipoti imayamba lisadalembedwe. Woweruza akangolamula kuti kupite nthumwi, pemphani kuti lamulolo linene momveka chimene ikukachita, ndiponso kuti mbali zonse ziwiri ziuzidwe tsiku ndi nthawi. Ngati mukudziwa kuti wotumidwayo ali pa chibale kapena pa malonda ndi mnzanuyo, nenani pomwepo. Kudzanena lipoti litakuipirani kumaoneka ngati kulira kwa wogonja. Tsiku loyeza khalanipo nokha, pamodzi ndi nyakwawa, mwini mbumba, ndi achikulire amene adaona malire akuikidwa. Tengani makalata anu onse, mupereke makope, enieniwo musunge. Lozani malire anu ndipo pemphani kuti ayezedwe nawonso, kuti mapu aonetse zonena za mbali zonse. Mwana wa sukulu alembe m'kope amene adalipo, nthawi imene nthumwi idafika ndi imene idachoka, ndipo ajambule zithunzi pa foni.

Lipoti likatuluka, pemphani kope lanu ku ofesi ya khoti, ndipo munthu wodziwa Chingerezi akumasulireni mzere ndi mzere. Musalole chidule chakuti "zikukuipirani" kapena "zikukukomerani". Mukapeza cholakwa, chilembedwe m'kalata yopita ku khoti, yotchula tsamba ndi ndime, ndi kope lopita kwa mnzanuyo. Mawu oti lipoti lonse ndi bodza sathandiza. Othandiza ndi onena kuti pa tsamba lachiwiri palembedwa kuti mudalipo pamene mudali ku maliro, ndipo mboni zake ndi izi. Pemphani kuti wolembayo abwere adzafunsidwe, ndipo ngati mayankho ake sakukwanira, pemphani kuti malo ayezedwenso, kapena kuti woweruza mwini akafike pamalopo, chinthu chimene makhoti athu amachita. Chitani zonsezi msanga, pakuti masiku a khoti ndi owerengeka. Wosowa ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi muno mu Zomba. Safunsa adadya phula.

Tikudziwa zimene otsutsana nafe anena. Ena ati milandu ya malo imachedwa kale, ndipo kufunsa nthumwi iliyonse kuonjezera zaka pa milandu imene yatha kale nsapato za anthu. Kuchedwako ndi koona, ndipo kumatiwawa tonse. Koma kufunsa woyeza malo ndi ntchito ya m'mawa umodzi, pamene chigamulo chomangidwa pa lipoti lolakwika chimabala apilo, chidani cha mabanja, ndi mlandu wina ana akadzakula. Akuluakulu adati mlandu suwola. Kufulumira kumene kumasiya munthu akukhulupirira kuti sadamvedwe kumangosamutsira mlanduwo ku mbadwo wotsatira.

Ena ati ndi chipongwe kuti munthu wosaphunzira afunse katswiri amene adatha zaka ku sukulu ya ukachenjede. Ife tikuti ukatswiri wa woyeza uli pa kuyeza. Iye amadziwa makina, koma sadziwa pamene padali mtengo wa mapeyala. Amene akudziwa ndi mayi amene adasesa pansi pake zaka 20. Katswiri woona saopa mafunso, chifukwa ali ndi buku lake la m'munda, manambala ake, ndi njira imene adatsata, ndipo akayankha bwino lipoti lake limatuluka lolimba kuposa momwe lidalowera. Amene mafunso amamuvuta ndi amene adayeza atakhala m'galimoto, kapena amene adalandira kanthu. Oyeza malo oona mtima, amene ndi ambiri, ayenera kukhala oyamba kufuna kuti malipoti azifunsidwa, kuti mbiri yawo isaipitsidwe ndi anzawo ochepa.

Enanso ati njira imeneyi ipindulira olemera okha, amene angalembe maloya ndi kulipira woyeza wachiwiri. Apa pali choonadi chowawa. Koma wolemera amatsutsa kale lipoti likamuipira. Sadikira nkhani ya m'magazini kuti adziwe ufulu wake. Amene amakhala chete ndi wosauka. Ndipo mafunso amphamvu kwambiri safuna ndalama: mudabwera tsiku lanji, mudandiuza kodi, adakulozerani malire ndani, mudayeza ndi chiyani, mudafanizira ndi nyumba ziti. Mafunso amenewa akhoza kufunsidwa m'Chichewa kapena m'Chiyao, womasulira wa khoti nawapereka kwa woweruza.

Tisathe nkhaniyi tisadadziloze tokha. Pali kutsutsa kwina kumene tikukukana ndi mphamvu yomweyo. Kuthamangitsa oyeza malo ndi zikwanje, kuzula mabikoni usiku, kutseka msewu ndi miyala, zonsezi ndi milandu, ndipo zimasandutsa mwini malo weniweni kukhala woimbidwa mlandu wa upandu, mnzake nkumaoneka wofatsa pamaso pa khoti. Kufuula pa msika kuti nthumwi idadya ziphuphu popanda umboni ndi kuipitsa dzina la munthu. Amene ali ndi umboni akaupereke kwa woweruza ndi ku Anti-Corruption Bureau. Choipitsitsa ndi munthu amene akudziwa mumtima kuti lipoti lanena zoona, kuti mpanda wake udalowadi kwa wamasiye, koma akulitsutsa dala kuti mayiyo atope ndi ndalama za minibasi mpaka ausiye mlanduwo. Wotereyu akugwiritsa ntchito ufulu umene tikuuteteza pano ngati chibonga chomenyera wofooka, ndipo atsogoleri athu amuuze poyera kuti akudya za ana amasiye. Tivomerezenso kuti mikangano yambiri timaidzala tokha, pogula malo ndi kapepala kopanda miyeso, kopanda mboni za mbali zonse zinayi. Ngakhale malo a mizikiti, madrasa ndi manda, amene makolo adapereka pakamwa, ambiri alibe mapu mpaka lero, ndipo tsiku limene zidzukulu za wopereka zidzasinthe maganizo, nthumwi ya khoti idzapeza chopanda pogwira.

Kwa makhoti, kuyambira kwa majisitireti mpaka ku nthambi ya Khoti Lalikulu ya muno mu Zomba, tikupempha zinthu zosafuna ndalama zambiri. Lamulo lililonse lotuma nthumwi lizinena kuti kuyeza kochitika mbali imodzi isadauzidwe sikulandiridwa. Lipoti lililonse lizitchula maina a amene adalipo, amene adaloza malire, zida zimene zidagwiritsidwa ntchito, ndi tsiku limene mtengo udawerengedwa. Pamene munthu alibe loya, lipoti liziwerengedwa ndi kumasuliridwa m'khoti momwemo, ndipo woweruza azimuuza m'mawu omveka kuti ali ndi ufulu woitanitsa wolembayo. Funso lakuti "pali chonena?" silikwanira kwa munthu amene sadziwa kuti chonena chake chili ndi mphamvu. Lipoti la mtengo wa nyumba likagona nthawi yaitali mlandu usadathe, liziwerengedwanso chigamulo chisadatuluke.

Pempho lomweli lipite ku mabwalo amene lamulo la Customary Land Act la 2016 lidakonza kuti azimva mikangano ya malo a makolo: bwalo la kwa mfumu yaikulu, bwalo la pa boma, ndi Central Land Board, kenako Khoti Lalikulu. Mabwalo amenewa ali pafupi ndi anthu, koma nawonso adzadalira mapu ndi malipoti a akatswiri pamene ntchito yolembetsa malo a makolo ikufalikira. Mafumu a boma lino, a Malemia, a Mlumbe, a Chikowi, a Kuntumanji, a Mwambo ndi anzawo, amadziwa kuti pa bwalo la makolo munthu sagamulidwa asadayankhule, ndipo mboni imafunsidwa ndi aliyense wokhala pa bwalopo. Mwambo umenewo usafe chifukwa mboni yabwera ndi kompyuta. Tili ndi mwayinso kuti sukulu ya malamulo ya University of Malawi ili pa Chirunga pompa. Ophunzira ake, pamodzi ndi ana athu amene adaphunzira kuyeza malo, akhoza kupatula Loweruka limodzi pa mwezi kukhala pa khonde la mzikiti, la tchalitchi kapena la mfumu, kuwerengera anthu malipoti awo. Mutu umodzi susenza denga.

Tibwerere kwa mayi uja wa ku Chinamwali, ataimirira m'khoti, pepala lachidindo lili patsogolo pa woweruza. Sadafunikire Chingerezi, ndipo sadafunikire kudziwa madigiri kapena mahekitala. Adafunikira kudziwa kuti pepalalo lidalembedwa ndi munthu, ndipo munthuyo akhoza kuitanidwa. Aliyense wa ife amene adzafike pamalo amenewo, akadzafunsidwa ngati ali ndi mawu, adzayankhe mwaulemu kuti: "Ndili nawo, bwana. Tsiku loyeza sindidauzidwe, ndipo malire adaloza ndi mnzangayu yekha. Ndikupempha kuti amene adalemba lipotili abwere, ndimufunse."